Nkhokwe ya Arlene Pruitt

"Ndati sindikayankhula. Akapeze wina."

"Wina ndani? Waima naye pa chitofu chimodzi zaka zonsezi. Ukufuna akayankhule mlonda?"

"Mlonda ali ndi pakamwa."

"Twila, tandiyang'ana."

Twila Brandvold sanatembenuke. Ankapaka chiponde pa buledi wa mwana wawo Cody, ndipo ankakanikiza mpeni mpaka buledi kubooka. Mwamuna wake Dwayne anali ataima pakhomo la khitchini, jekete atavala kale, makiyi a basi ya sukulu ali m'manja. Kunja chisanu chinali chitamata mawindo.

"A Kessler anandiimitsa dzulo pageti," anatero Dwayne. "Akuti mawu ochepa chabe. Ukanene kuti malemu Arlene anali munthu wabwino, n'kukhala pansi. Kodi ndi bodza?"

"Si bodza."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Vuto n'loti a Kessler ndi amene akufuna kuti ndinene."

"Mutu wa bambo ako uwo."

"Asiye bambo anga agone. Sanakudyere kanthu."

Dwayne anaika makiyi patebulo. "Nthawi ija Cody anali m'chipatala ku Omaha, iwe ukugona pampando pambali pa bedi lake, unkadya masiku a ndani?"

Mpeni unaima.

Pasukulu pathu aliyense wogwira ntchito, kuyambira mphunzitsi mpaka wokolopa, amapatsidwa masiku ochepa pachaka oti akadwala, kapena akamadwazika mwana, akhale kunyumba malipiro osadulidwa. Masikuwo akatha, atha. Ukajomba amakudula, ukajombanso amakuchenjeza, ukapitiriza amakutsanzika, ndipo inshuwalansi ya chipatala imatsala pomwepo limodzi ndi makiyi a ntchito. Koma m'komiti ya sukulu muli anthu opemphera. Iwo anakonza njira yoti wina masiku akamuthera, anzake azimugawirako awo. Njira imeneyi timaitchula kuti nkhokwe. Ndi nkhokwe yodabwitsa ndithu: mwini munda saikamo kanthu, amangosunga kiyi.

Woyamba kuikamo nthawi zonse anali Arlene Pruitt, mkulu wa ophika, amene anayamba kugawa chakudya pasukulupo Twila akadali mwana wa m'kalasi. Mwezi wa February anagwa m'chipinda chozizira chosungiramo nyama. Ku chipatala anapeza khansa itadzaza m'mimba monse, ndipo sanabwererenso. Tsopano mkulu wa sukulu, Bambo Kessler, anakonza mwambo womukumbukira. Nkhokweyo inali yoti ipatsidwe dzina la Arlene, ndipo pamwambo pomwepo anthu aimike manja kupereka masiku.

"Ndikudziwa amene anandipatsa," anatero Twila. "Usandikumbutse ngati ndine mwana."

"Ndiye kamuthokoze pagulu. Ndiponso usaiwale kuti masiku amene adzaperekedwe tsiku limenelo ndi a Jolene."

Jolene anali mlongo wake wa Dwayne, ndipo nayenso ankagwira m'khitchini momwemo. Mwana wake anabadwa masiku asanakwane, ndipo anali m'kabokosi kagalasi ku Omaha, timachubu tili m'mphuno. Bambo wa mwanayo anapita ku zitsime za mafuta ku Dakota n'kusintha nambala ya foni.

"Anthu amapereka akakhudzidwa," anapitiriza Dwayne. "Iwe ukalira pang'ono, manja adzakwera. A Kessler akalira, anthu adzayang'ana mawotchi."

"Ndiye mukufuna misozi yanga, osati mawu."

"Zonse ziwiri ngati zilipo."

Cody anatsika masitepe nsapato imodzi ili m'manja, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ku khitchini ya sukulu epuloni ya Arlene inali ikadali pamsomali wake. Palibe amene analimba mtima kuichotsa. Twila anayatsa mauvuni, n'kutulutsa mathireyi a mbatatesi, kenako anaima pamapoto akuluakulu aja osadziwa poyambira. Mapotowo ankatsuka ndi Arlene, ngakhale anali mkulu. Ankati manja a atsikana a masiku ano ndi a foni, poto angamugwetse.

Sanali munthu wa mawu okoma. Mwana akasiya nyemba m'mbale ankamuuza kuti, "Idya iwe, ukuoneka ngati ndodo yokolopera." Koma ankadziwa mwana aliyense amene kwawo Loweruka kulibe chakudya. Lachisanu ankaitana ana oterowo mmodzimmodzi, amvekere, "Tandithandiza kutaya zinyalala izi," n'kumupatsa chikwama chimene munali buledi, tchizi ndi maapozi. Ana ankadziwa kuti zinyalala za Mayi Pruitt amakatayira m'mimba. Wina wa ife galimoto ikakana kulira m'chisanu, Arlene ankafika ndi zingwe za batire asanaitanidwe, akukalipa njira yonse kuti tinagula zidebe m'malo mwa magalimoto.

Chaka chathachi ankatafuna timapiritsi ta chilungulira ngati mtedza. Nthawi zina ankaima, dzanja lili m'nthiti, n'kuyang'ana khoma. Tikamufunsa ankati ndi tsabola wa dzulo. Ife tinkaseka, chifukwa kuseka kunali kosavuta.

Bambo Kessler analowa ophika akupukuta matebulo. Ndi munthu waulemu, ndipo pamaliro analira zenizeni, tonse tinamuona. Anavula chipewa pakhomo ngati akulowa m'tchalitchi.

"Mayi Brandvold, amuna anu akuuzani?"

"Andiuza."

"Sindikufuna zambiri. Mukanene mmene munamudziwira. Ine ndinkamudziwa pa ntchito, inu munkamudziwa monga munthu." Anayang'ana epuloni ija. "Mukudziwa kuti palibe chaka chimene Arlene anatsala ndi tsiku lake? Onse ankapereka. Ndikufuna achinyamatawa amve zimenezo, atengere chitsanzo."

"Onse?"

"Onse. Chaka chino sukulu itangotsegulidwa anapereka kwa wantchito mnzanu, a Ortega, atathyoka mwendo, otsalawo kwa mphunzitsi wa masamu uja. Sindinaonepo mtima wotero."

"Nanga iye akadwala?"

Bambo Kessler anamwetulira mwachisoni. "Arlene sankadwala."

Anavala chipewa n'kutuluka. Twila anatsala ataima, nsanza ili m'manja. Munthu amene sankadwalayo tinali titangomuika m'manda.

Loweruka masana Twila anapita kwa a Virgil, amuna a malemu, atanyamula mbale ya makaroni. Anawapeza atakhala pampando wawo pafupi ndi windo, wailesi ikunena za mitengo ya ng'ombe. A Virgil anasiya kuyendetsa malole mtima utayamba kuvuta, ndipo mankhwala awo onse ankatuluka pa inshuwalansi ya Arlene.

"Makaroni enanso," anatero ataona mbaleyo. "Tauni yonse yandiphikira makaroni. Tsiku ndidzafe musadzavutike kufufuza chandipha."

"Ndibwerere nawo?"

"Ika mufiriji, ngati mungapezeke malo. Khala pansi, mwanawe."

Anacheza za chisanu, za Cody, za mwana wa Jolene. Kenako Twila anatchula za mwambo uja.

"Ndamva," anatero a Virgil. "Andiitana kuti ndikakhale kutsogolo. Akuti apanga chikwangwani chamkuwa."

"Mubwera?"

"Ndikaonere chiyani?"

Twila anazengereza. "A Virgil, ndifunse. Ankadziwa kuti akudwala?"

Bamboyo anazimitsa wailesi.

"Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Koma analumbiritsa munthu amene ankaopa kukalipiridwa, ndipo wokalipayo kulibe." Anapukuta pakamwa ndi chikhatho. "Nyengo ija masamba akugwa, chisanu chisanayambe, anapita ku kiliniki yathu ino. Namwino anamugwiragwira pamimba, nkhope n'kusintha. Anamuuza kuti apite ku Omaha akamujambule m'kati, asachedwe. Ukudziwa wekha kuti kumeneko ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo makina amenewo Loweruka satsegula."

"Akanapempha tsiku."

"Tsiku liti? Anali atapereka onse."

"Akanangojomba."

"Anali atajomba kale chifukwa cha ine, nthawi zija ndinkagwa m'bafa. Anali atachenjezedwa. Kujombanso kunali kuika ntchito pamoto, ndipo ntchito ikapita mankhwala anga apita. Iye ankawerengera zimenezo, osati mimba yake."

"Nanga nkhokwe? A Virgil, munthu amene anaidzaza yekha nkhokweyo!"

A Virgil anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Anapita. Anavala bulauzi yake ya kutchalitchi n'kukagogoda kwa Kessler. Ndinamudikira m'galimoto. Kessler anamulandira bwino, khofi anamupatsa. Anamuuza kuti nkhokwe imatsegulidwa kwa munthu amene dokotala wamkulu watsimikiza kuti ali ndi matenda aakulu. Mawu a namwino sakwanira. Abweretse mawu a dokotala, tsiku lomwelo alengeza kwa anthu onse."

"Dokotala amene ali ku Omaha."

"Yemweyo."

"Kuti apite kwa dokotala afunika tsiku. Kuti apatsidwe tsiku afunika dokotala."

"Wapeza msanga. Ine zinanditengera sabata."

"Bwanji sanatiuze ife? Tikanamupatsa. Ine ndikanamupatsa."

"Mukanamupatsa bwanji ofesi isanalengeze? Tsiku si shuga woti ungapatsirane pampanda. Ndinamuuza kuti auze anzake, mwina akachite phokoso. Anati ayi, Ortega angamve n'kumadziona ngati wakuba, Twila angamve n'kusiya kugona. Anati adikira tchuthi. Pa tchuthi cha Khrisimasi malo ku chipatala anali atadzaza, anamuuza kuti abwere January, pakati pa sabata. Iye anati basi, adikira tchuthi chachikulu cha chilimwe." Anayang'ana panja. "Chilimwe chikubwera ndithu. Ndaona mbalame zayamba kubwerera."

Twila anafunsa ngati akufuna kuti akanene zimenezi pamwambo.

"Ine sindikutuma. Ukanena, Arlene sadzuka. Ukapanda kunena, sadzukanso. Ukamapita utenge mbale yako ya sabata yatha, ili pasinki."

Lamulungu Jolene anabwera kuchokera ku Omaha kudzatenga zovala, ndipo anadya chakudya chamasana kwa Twila ndi Dwayne. Anali ataonda, tsitsi atangolimanga ndi labala. Anaonetsa chithunzi cha mwana pafoni, kadzanja katagwira nsonga ya chala chake.

"Akuti akamagona pachifuwa panga amapuma bwino," anatero. "Makina aja amasiya kulira. Namwino wina amanditcha mankhwala."

"Masiku ako atsala angati?" anafunsa Dwayne.

"Atha sabata ino, achimwene. Mawu a dokotala ndinapereka kale. A Kessler akuti ndidikire mwambo wa Lachisanu, anthu adzapereka ambiri nthawi imodzi."

Cody atatuluka kukasewera, Twila anafotokoza zonse zimene anamva kwa a Virgil. Atamaliza, Dwayne anakankhira mbale yake kutsogolo.

"Ndiye ukufuna kutani?"

"Unkafuna ndikayankhule. Ndikayankhula."

"Twila."

"Ndikanena mmene ndinamudziwira. Si zimene andipempha?"

"Usandichenjerere. Ukufuna kukaima pamaso pa komiti yonse n'kunena kuti Kessler anapha munthu."

"Sindikatchula zopha. Ndikangofotokoza, aliyense akawerengere yekha."

"Iwe ndi ine timadya pa sukulu imodzi. Mankhwala a Cody amachokera pomwepo. Ukuganiza kuti tauni ino ili ndi masukulu angati?"

"Sangandichotse chifukwa chonena zoona pa mwambo wa maliro."

"Sachotsa munthu chifukwa cha zoona. Amadikira tsiku limene udzachedwe."

Jolene ankazunguza foloko m'mbale. Twila anatembenukira kwa iye.

"Mlamu, tandimvera. N'chifukwa chiyani iwe, mwana wako ali m'galasi, uyenera kudikira kuti a Ortega aimike dzanja? A Ortega akakupatsa, mawa akadwala apita kwa ndani? Komiti ikhoza kukupatsa masiku amenewa yokha, lero, popanda kulanda wina. Chaka chatha anagula magetsi a pabwalo la mpira. Akamva za Arlene pamaso pa tauni yonse, manyazi adzawagwira. Adzatsegula okha."

"Manyazi," anatero Dwayne. "Mayi Wendt, wapampando wa komiti uja, unawaonapo akuchita manyazi? Anagulitsa mbewu yoola kwa m'busa."

"Aliyense ali ndi pomwe amachitira manyazi."

"Ndiye ukayesere pa mwana wa mlongo wanga?"

"Ndikakhala chete, chaka chamawa tidzakhomanso chikwangwani china. Mwina cha iwe. Ndi iwe uja umayendetsa basi msana utatupa."

"Nena mwambo ukatha. Nena sabata inayo. Lembera nyuzipepala ngati ukufuna."

"Sabata inayo ndidzauza ndani? Makoma? Komiti yonse ndi tauni yonse zimakhala m'chipinda chimodzi kamodzi kokha, ndipo kamodziko andipatsa ine maikolofoni. Ndikakaima paja n'kunena kuti tengerani chitsanzo, ndiye kuti ndikuwauza atsikana aja kuti afe ngati iye."

Onse awiri anayang'ana Jolene, aliyense akudikira kuti amuthandize.

"Mayi Pruitt anandiphunzitsa kusenda anyezi osalira," anatero Jolene motsitsa mawu. "Zimene mwanenazi zandiwawa, alamu. Koma ine sindikudziwa za komiti. Ine ndikungofuna kukhala pamene pali mwana wanga." Anaimirira n'kutenga chikwama. "Ndinyamuke kusanade, msewu ukuterera."

Sabata imeneyo m'nyumbamo munkamveka mapazi ndi zitseko basi. Lachisanu m'mawa Dwayne anangotseka zipi ya jekete n'kutuluka.

Mwambo unachitikira m'holo ya masewera ana ataweruka. Anayala mipando pansi pa mikombero yoponyeramo mpira, ndipo kutsogolo kunali chithunzi cha Arlene atavala kaneti ka kumutu, akuyang'ana wojambulayo ngati wamupeza akuba bisiketi. Pambali pake panali chikwangwani chophimbidwa ndi nsalu yabuluu. Anthu anadzaza. A Ortega anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala kutsogolo, ndipo anauza aliyense amene anawapatsa moni kuti lero dzanja lawo likwera loyamba. Jolene anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, makiyi a galimoto ali pamiyendo. Mpando wa a Virgil unali wopanda munthu.

Ana anaimba. M'busa anapemphera. Bambo Kessler ananena kuti Arlene anali mtima wa sukuluyi. Kenako anaitana Twila.

Twila anagwira maikolofoni ndi manja onse awiri.

"Ine ndinadya chakudya cha Mayi Pruitt ndili mwana, ndipo mwana wanga ali moyo ine ndili pa ntchito chifukwa cha masiku awo. Ambiri muno mukhoza kunena chimodzimodzi." Mitu inagwedezeka. Anafotokoza za zinyalala za Lachisanu, ndipo anthu anaseka akupukuta maso. Mayi wina anabisa nkhope m'chipewa cha mwana wake. Dwayne, amene anaima kukhoma ndi madalaivala anzake, anapumira m'mwamba.

"A Kessler anandiuza kuti Arlene sankadwala," anapitiriza Twila. "Ankadwala. Anadziwa masamba akugwa."

Anafotokoza mwadongosolo, osakweza mawu: za namwino, za makina a ku Omaha, za chenjezo, za bulauzi ya kutchalitchi, za khofi, za mawu a dokotala. Sanatukwane munthu. M'holomo munangomveka kulira kwa mapaipi otenthetsa chipinda.

"Sindikunena kuti akanachira. Sindine dokotala. Ndikunena kuti anapempha tsiku limodzi m'nkhokwe imene anadzaza yekha, ndipo anabwerera chimanjamanja. Lero mlamu wanga Jolene akufunika masiku. Ndikupempha komiti, popeza yonse ili pano, kuti imupatse kuchokera m'thumba la sukulu, osati m'thupi la a Ortega. Mukatero, dzina la Arlene likhomeni paliponse pamene mukufuna."

Anakhala pansi. Wina kumbuyo anaomba m'manja kawiri n'kusiya. A Ortega anali atagwira ndodo yawo ndi manja onse, mutu uli pansi, mapewa akugwedezeka. Bambo Kessler anayera ngati pepala. Anaimirira, anati, "Ine ndinangotsata," koma sanamalize, chifukwa Mayi Wendt, wapampando wa komiti, anawagwira mkono n'kuwakhazika pansi.

A komiti anasonkhanitsa mitu pamodzi n'kunong'onezana. Anthu anadikira. Twila ankayang'ana nkhope ya Mayi Wendt, ndipo anaona kuti yafiira mpaka m'makutu. Anaganiza kuti ndi manyazi aja.

Mayi Wendt anapita pa maikolofoni n'kukonza magalasi.

"Tikuthokoza Mayi Brandvold chifukwa cha kulimba mtima kwawo. Zimene tamvazi ndi zazikulu, ndipo komiti siingazitenge mopepuka. Popeza zikukhudza imfa ya wogwira ntchito, sitingayankhe kanthu loya wathu asanaziunike. Ngati nkhokweyi ili ndi vuto, kungakhale kulakwa kupitiriza kuigwiritsa ntchito. Choncho taiimika kaye kuyambira lero, mpaka komiti idzakumane mwezi wamawa. Khofi ndi keke zili kumbuyo."

Dwayne anachoka kukhoma kuja. "Pepani amayi. Ine ndili ndi masiku. Ndikufuna kupatsa mlongo wanga."

"Ndamva, a Brandvold. Pakali pano sitingalandire."

"Ndi masiku anga."

"Ndi anu ndithu, ndipo palibe amene akulandeni. Koma njira yowasamutsira ndi imene taimikayo."

"Anganso alipo," anatero a Ortega, akuvutika kuimirira. Manja ena anakwera apa ndi apo, aphunzitsi, ophika, okolopa. Mayi Wendt anawayang'ana mwachifundo n'kuzimitsa maikolofoni. Manjawo anakhala m'mwamba kanthawi, kenako anayamba kutsika limodzilimodzi. Nsalu yabuluu ija palibe anaivundukula.

Anthu anatuluka osakhudza keke. Ena anamugwira Twila paphewa podutsa, ena anamulambalala. Mphunzitsi wa masamu uja anamunong'oneza kuti wachita bwino, akuyang'ana uku ndi uku.

Panja mphepo inali itayamba. Twila anapeza Dwayne ataima pafupi ndi galimoto ya Jolene, manja ali m'matumba. Jolene anali atakhala m'kati, chitseko chili chotsegula, injini asanailize.

"Mwezi wamawa si kutali," anatero Twila. "Tipita tonse ku msonkhano umenewo. Waona manja aja. Tikadzaza chipinda, sangakane."

Dwayne sanamuyang'ane. Ankayang'ana basi yake, imene inaima kumapeto kwa bwalo.

"Ndikhoza kumapita ine ku Omaha Loweruka ndi Lamulungu," anawonjezera Twila. "Ndikhoza kumamugoneka pachifuwa panga. Mwina anamwino angalole."

Jolene anatembenuka. Sanali kulira, ndipo m'mawu ake munalibe mkwiyo.

"Alamu, zonse mwanena muja ndi zoona, palibe angakutsutseni. Koma Lolemba m'mawa ine ndikakhale kuti, pa chitofu kapena pa mwana wanga?"